Kanema Woseketsa Naye Ngofunika Kusungidwa

M'chaka cha 1925 ku America kunatuluka kanema wotchedwa The Freshman. Ndi kanema wopanda mawu, wa zithunzi zakuda ndi zoyera, ndipo nkhani yake munthu angathe kuifotokoza yonse tiyi asanazizire m'kapu. Mnyamata wina dzina lake Harold Lamb wapeza malo pa koleji yongopeka yotchedwa Tate, ndipo chimene akufuna pamoyo wake n'kutchuka basi. Akayesa mwayi ku timu ya mpira ya pakolejipo, mpira wawo uja wooneka ngati dzira, umene amathamanga nawo m'manja uku akugwetsana ngati nkhunzi za ng'ombe. Mphunzitsi wa timu aona kuti mnyamatayu alibe luso ngakhale pang'ono, koma amusunga kuti azinyamula madzi a osewera, mwini wake n'kumayesa kuti ndi wosewera amene akudikira nthawi yake. Koleji yonse ikumuseka kuseri. Womukonda monga momwe alili ndi mmodzi yekha, Peggy, mwana wa mayi amene mnyamatayu akuchita lendi m'nyumba mwawo. Pa tsiku la mpira waukulu anzake avulala mmodzimmodzi mpaka pa benchi posatsala munthu, iye alowa m'bwalo, awinitsa timu, ndipo za iye ndi Peggy zitheka. Nkhani yathera pomwepo.

Mulibe nzeru zakuya m'menemu, ndipo amene anamupanga sankafuna kuphunzitsa munthu kanthu. Ankafuna anthu aseke, alipire pakhomo. Komabe m'chaka cha 1990 nyumba yaikulu yosungira mabuku ya dziko la America, Library of Congress, inaika kanemayu pa mndandanda wa makanema oyenera kutetezedwa ngati chuma cha fuko. M'chaka cha 2014 kampani ya Criterion inamutulutsanso pa zimbale zamakono. Kunja kuno kuli anthu amene mtima wawo wonse uli pa kusaka makanema a mtundu umenewu: filimu yeniyeni yokulungidwa pa mkombero wake, zithunzi zoitanira anthu zimene zinkamatidwa pakhomo pa nyumba za kanema, ngakhale timapepala tolengezera. Ambiri amawayesa anthu osowa chochita ndi ndalama. Ine ndikuti anthu amenewa anazindikira chinthu chimene ife ophunzira ziyankhulo tikuchedwa kuchigwira: zinthu zoseketsa ndi zooneka zachibwana ndi zimene zimayamba kutayika, chonsecho n'zomwezo zimene zimasunga bwino koposa mmene anthu wamba ankakhalira ndi kuyankhulira. Ndikunena izi maso ali kwathu kwa Tengani, m'boma la Nsanje, kumene zathu za mtundu womwewu zikuwola tikuona.

Tiyambe ndi chimene chimakoka osonkhanitsa makanemawa. Choyamba n'kusowa. Lipoti limene David Pierce analembera Library of Congress m'chaka cha 2013 linapeza kuti mwa makanema aatali opanda mawu pafupifupi 11,000 amene America inapanga pakati pa 1912 ndi 1929, makanema 70 pa 100 aliwonse anatayikiratu, ndipo 14 okha pa 100 ndi amene alipobe monga momwe anatulukira poyamba. Filimu ya masiku amenewo inkapangidwa ndi mankhwala osachedwa kugwira moto, ndipo ikakalamba inkanyata kenako n'kusanduka fumbi. M'chaka cha 1937 nkhokwe ya kampani ya Fox ku Little Ferry, m'chigawo cha New Jersey, inapsa ndi makanema ambirimbiri m'kati. Koma si moto wokha unawononga. Eni ake sankaona chifukwa chosungira kanema amene anthu aonera kale n'kuseka. Makanema a mawu atafika kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, opanda mawu aja anangokhala ngati chikwatu cha dzana, ndipo ambiri anawonongedwa dala kuti apezemo siliva kapena kuti pa shelefu papezeke malo.

The Freshman anapulumuka chifukwa Harold Lloyd, amene anasewera mnyamata uja, anali mwini wa makanema ake ndipo ankawasunga yekha kunyumba kwake. Ngakhale iye, ndi chuma chake chonse, moto unamuotchera makanema ake ambiri oyambirira m'chaka cha 1943. Kutchuka kwa The Freshman kunabala makanema enanso ochuluka a mpira ndi chikondi cha pakoleji. Horse Feathers wa abale otchedwa Marx Brothers anatuluka mu 1932, koma kope limene anthu amaonera lero lili ndi malo odumphadumpha pamene filimu inadulidwa kapena kuwonongeka. Pigskin Parade wa mu 1936 akanaiwalika kalekale, kungoti mumaoneka kamtsikana ka zaka 14, Judy Garland, kakuyamba kumene ulendo wake m'makanema aatali. Palibe amene ankadziwa nthawi imeneyo kuti kamtsikanako kadzatchuka dziko lonse. Wosunga zinthu amasunga asanadziwe chimene chidzakhale chofunika, ndipo ngati adikira kuti adziwe kaye amapeza chinthucho kulibe.

Chachiwiri, chimene kwa ine n'chachikulu, chili kumbuyo kwa osewera. Chikhamu chimene chimaoneka pa mpira womaliza mu The Freshman si cha anthu olembedwa ganyu. Anachijambula pa mpira weniweni wa makoleji a California ndi Stanford mumzinda wa Berkeley mu Novembala 1924. Anthu zikwizikwi amenewo anapita kukaonera mpira, osati kukalowa m'mbiri, ndipo n'chifukwa chake sanadzikonze. Zipewa zawo, malaya awo, kakhalidwe kawo pa mipando, mmene amuna ndi akazi ankasakanikirana, zonse zili pomwepo. Buku la mbiri lingakuuzeni amene anali pulezidenti wa America chaka chimenecho, koma silingakuonetseni mmene mnyamata ankaperekera moni kwa mtsikana m'sitima yapamtunda, kapena chimene chinkachititsa manyazi pa gule wa ophunzira. Pa gule ameneyo suti ya Harold, imene telala anangoilumikiza ndi ulusi wongogwirizira, imayamba kusosoka chidutswachidutswa pamaso pa anthu. Zaka 100 zadutsa koma aliyense amene anabwerekapo jekete ya mnzake popita ku disiko ya pasukulu amadziwa thukuta limene mnyamatayo akutuluka.

Palinso kanthu kena m'nkhaniyi kamene kamatiyandikitsa kwathu. Harold sanadziwire za moyo wa pakoleji kwa munthu amene anaphunzirako. Anaziona m'kanema, n'kuloweza kayendedwe ndi kavinidwe ka ngwazi ya m'kanemayo, ndipo atafika pasukulu anayamba kuchita zomwezo pamaso pa anthu. Tonse amene tinakhalapo mayaro tikudziwa za mnzathu wina amene anafika pakoleji atabwereka kayendedwe ndi Chingerezi cha m'mphuno. Ndipo aliyense amene anakulira pa malo a malonda a m'Chigwa cha Shire, kaya kwa Tengani, ku Bangula, ku Nchalo kapena pa boma pa Nsanje, anaonapo anyamata akutuluka m'chisakasa cha vidiyo sho mapewa atatukumuka, akumenya mphepo ndi mapazi ngati Van Damme. Kanema amaumba anthu, ndipo amene afuna kumvetsa mbadwo wina ayenera kuona zimene mbadwo umenewo unkaonera.

Kanema anatifika kuno ali m'manja mwa boma. Kuyambira 1948 mpaka 1963 bungwe la atsamunda la Central African Film Unit, limene likulu lake linali ku Salisbury, linkapanga makanema oonetsa anthu akuda a ku Nyasaland ndi maiko awiri a Rhodesia, ambiri mwa iwo ophunzitsa ulimi, ukhondo ndi kumvera malamulo. Titalandira ufulu, galimoto za nthambi yofalitsa nkhani zinkayenda m'midzi usiku ndi chinsalu choyera, kuonetsa maulendo a Kamuzu ndi ntchito za chitukuko. Wailesi yakanema ya dziko lino inadzayamba mu 1999. Zojambulidwa za boma zoterezi zili ndi mwayi wopeza malo ku nkhokwe ya zakale ya National Archives ku Zomba kapena m'nkhokwe za kunja, ndipo n'zoyenera kutero. Koma m'makanema amenewa munthu wamba amaoneka akuwomba m'manja, akuvina polandira mlendo kapena akumvetsera mlangizi. Samaoneka akunyogodola mlamu wake, akufunsira mbeta, kapena akukangana ndi woyimbira mpira. Mdzukulu wathu akadzangodalira zimenezo adzayesa kuti makolo ake ankangokhalira kufola m'mbali mwa msewu.

Munthu wamba uja ali pa zojambulidwa zina, zimene palibe ofesi imazisunga. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 kunabuka anthu a makamera a vidiyo amene ankaitanidwa ku maukwati, ku zinkhoswe, ku misonkhano ya makwaya ndi ku zikho za mpira za m'madera. Ankajambula pa tepi, kenako pa chimbale, lero pa foni. Mulinso masewero a magulu a achinyamata ndi a m'matchalitchi, ojambulidwa ndi kamera imodzi yogwedezeka, nkhuku zikudutsa kutsogolo. Mulinso zojambulidwa za akatswiri athu a nthabwala. John Nyanga, amene tinkamudziwa kuti Izeki, anamwalira mu 2016, ndipo Eric Mabedi, Jakobo, anatsatira mu 2021. Zimene awiriwa anasiya sizingawonjezekenso, zingathe kungochepa. Ndipo pali makanema akunja, a ku China, India kapena America, amene anyamata a m'tauni amawaikira mawu a Chichewa, n'kusandutsa msilikali wa ku Hong Kong kukhala mkulu wa ku Ndirande amene akudandaula za ngongole. Mphunzitsi wina angakwinye nkhope pomva kuti ndikuika zimenezi pamodzi ndi zolembedwa zaluso. Sindikuti n'zofanana ndi buku la Zingani kapena la Ntara. Ndikuti muli Chichewa chimene simungachipeze m'buku lililonse.

Apa m'pamene zathu zikuposa The Freshman. Kanema wa Lloyd anasunga zovala ndi nkhope koma sanasunge liwu ngakhale limodzi. Tepi ya ukwati wa kwa Tengani ili ndi mawu. Muli ankhoswe akulangiza m'Chimang'anja, amayi akuimba m'Chisena, mwini mwambo akudumpha kuchoka ku Chichewa cha pawailesi kupita ku Chisena pamene akufuna kuti anthu afupe ndalama zambiri, mwinanso mawu a Chipwitikizi amene anaoloka Shire kapena anatsala ndi abale athu othawa nkhondo ya ku Mozambique amene anakhala nafe mpaka m'zaka za m'ma 1990. Tisaiwale kuti Chimang'anja chinali m'gulu la zoyamba kulembedwa m'dziko muno: David Clement Scott anatulutsa dikishonale yake ya Chimang'anja mu 1892. Chichewa chitakhazikitsidwa kukhala chiyankhulo cha fuko mu 1968, mwana wa m'chigwa anayamba kuphunzira kusukulu kayankhulidwe kosiyana ndi ka agogo ake, ndipo Chisena chinadzamveka pa nkhani za wailesi ya MBC mu 1996. Mtanthauziramawu angatiuze tanthauzo la liwu. Sangatiuze pamene mayi wachikulire amakweza mawu, pamene amadukiza kuti anthu aseke, kapena liwu limene amasankha akamayankhula ndi mkamwini wake pagulu. Wofufuza akafika ndi cholembera ndi mafunso, agogo amavala Chichewa chawo cha Lamulungu. Pa tepi ya ukwati amayankhula monga amayankhulira, chifukwa sakudziwa kuti wina adzawaphunzira.

Vuto n'lakuti dera lathu ndi mdani wa zinthu zoterezi. M'chaka cha 1978 mumzinda wa Dawson City, kumpoto kwa Canada, anthu okumba anapeza mikombero ya filimu yoposa 500 imene inakwiriridwa m'dziwe losambiramo lakale pafupifupi zaka 50 m'mbuyomo. Nthaka youma gwa ndi kuzizira inaisunga, ndipo munapezeka makanema amene ankaganiziridwa kuti kulibenso. Kwathu zoterezi sizingachitike. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha m'chigwa kumapitirira madigiri 40, ndipo m'nyumba ya malata chimbale chosiyidwa pawindo chimapindika. Dzinja likafika tepi imachita chuku. Chikwama chimene muli zithunzi chiswe chimachipeza. Ndiye pali madzi: a mu Januwale 2015, a namondwe Ana mu Januwale 2022, a namondwe Freddy mu Marichi 2023. Munthu wothawa madzi usiku amanyamula mwana ndi thumba la ufa ngati angathe, osati tepi. Ngakhale tepi imene yapulumuka zonsezi ikusowa poiikira, pakuti kampani yomaliza kupanga madeki a VHS, Funai ya ku Japan, inasiya mu 2016. Zimene zili pa foni ndi pa memori khadi musaziyese zotetezeka: foni ikabedwa kapena khadi ikadzadza, mwini wake amafufuta ukwati wa mlongo wake kuti alowetse nyimbo zatsopano.

Kuti ntchito yosunga imapindula tili ndi umboni wa m'boma lathu lomwe lino. M'chaka cha 1958 Hugh Tracey anafika ndi makina ake m'boma la Port Herald, limene lero ndi Nsanje, n'kujambula nyimbo ndi ng'oma za Amang'anja. Zojambulazo zilipobe mpaka lero ku International Library of African Music ku South Africa. Tiyenera kuthokoza kuti zilipo. Koma tiyeneranso kudzifunsa chifukwa chake mdzukulu wa oimba ng'omazo ayenera kufufuza kunja kwa dziko kuti amve dzanja la agogo ake. Lamulo lathu la zosindikiza limati wotulutsa buku kapena nyuzipepala apereke kope ku nkhokwe ya ku Zomba. Mnyamata wojambula maukwati pa Bangula satumiza kanthu ku Zomba, ndipo akasiya ntchitoyo n'kupita ku Joni, matepi ake amatsala m'katoni kunyumba kwa mayi ake.

Wina anena kuti m'dera limene chaka ndi chaka anthu amagona m'misasa n'kumadikira thandizo la chimanga, kukamba za matepi n'kuseka pamaliro. Mawu amenewa ngolemera ndipo sindingawapeputse. Sindikupempha kuti ndalama ya mankhwala kapena ya mlatho ipite ku makanema. Koma tiyeni tione bwino zimene madzi amatenga. Nyumba imamangidwanso, mbuzi imagulidwanso ngakhale movutikira, munda umalimidwanso madzi akaphwa. Mawu a munthu amene anamwalira akapita ndi madzi sabweranso. Midzi ina ya m'chigwa yasamutsidwira kumtunda, ndipo ana obadwira kumalo atsopano sadzaona mtengo umene makolo awo ankaweruzira milandu, kapena bwalo limene ankasewerera mpira wa chikulunga. Mwina malo amenewo atsala kumbuyo kwa mkwati ndi mkwatibwi pa tepi ina yake, monga chikhamu cha ku Berkeley chinatsalira kumbuyo kwa Harold Lloyd. Dera limene zinthu zimakokoloka kawirikawiri ndi limene likufunika wosunga kuposa dera lina lililonse. Maganizo akuti munthu wosauka amangofunika chakudya, osati chikumbutso, amamveka achifundo koma m'kati mwake muli kunyoza.

Pa zinthu ziwiri sindigwirizana ndi osonkhanitsa makanema a kunja, ndipo sindifuna kuti tiwatsanzire. Ena a iwo amakonda chinthu chifukwa anzawo alibe. Amagula filimu n'kuitsekera m'chipinda, ndipo mtengo ukakwera mtima wawo umakhala pansi. Kusunga kotero sikusiyana kwenikweni ndi kutaya, chifukwa chinthucho anthu sachiona. The Freshman ali ndi moyo lero osati chifukwa chakuti anatsekeredwa, koma chifukwa anatulutsidwanso, ndipo kuyambira mu 2021 malamulo a ku America amalola aliyense kumuonetsa popanda kupempha chilolezo. Chinanso n'chakuti zathuzi zili ndi eni ake amoyo. Tepi ya ukwati ndi ya banja, ndipo mwina banjalo linatha moipa. Mwambo wa chinamwali suli woti aliyense aone. Wophunzira amene angatenge zoterezi n'kuziponya pa Facebook kuti anthu aseke kavalidwe ka azakhali a munthu wina sakusunga chikhalidwe, akuba. Za makanema oikidwa mawu a Chichewa aja nazonso n'zoona kuti eni ake akunja sanapemphedwe, ndipo a COSOMA ali ndi chifukwa chodandaulira pamene zikugulitsidwa. Koma kusunga kope limodzi m'nkhokwe ya sukulu kuti ofufuza adzamve Chichewa cha m'misewu cha zaka zimenezi ndi nkhani ina, yosiyana ndi kubena zimbale za malonda.

Ntchito imeneyi ikutiyenera ife a m'dipatimenti ya ziyankhulo kuposa wina aliyense. Chaka chilichonse timatumidwa kumudzi kukatola miyambi, nthano ndi zilape, ndipo n'zabwino, ngakhale kuti nthawi zambiri timabwerako ndi miyambi yomwe ija ili kale m'mabuku a sekondale. Bwanji pa tchuthi china wophunzira aliyense atabwerako ndi chojambulidwa chimodzi cha kwawo, mwini wake atavomereza? Alembe tsiku, mudzi, mwambo ndi ziyankhulo zimene zikumveka, alembenso mawu a mphindi khumi zokha monga momwe akuyankhulidwira, osawakonza kuti agwirizane ndi malamulo a kalembedwe. Tepi ikasamutsidwira pa kompyuta ibwezedwe kwa mwini wake pamodzi ndi kope latsopano, ndipo kope lina lisungidwe kumtunda, kumene Shire safika. A Centre for Language Studies ku Zomba, amene akhala akugwira ntchito ya ziyankhulo zathu kuyambira mu 1996, angatithandize ndi kalembedwe ka Chisena. Posankha tisathamangire zolemekezeka zokha, zimene muli bishopu kapena nduna. Titengenso sewero la achinyamata la mnyamata wofunsira mwana wa mfumu, ndi fainolo ya chikho imene inathera m'ndewu chifukwa mbuzi ya mphotho inali yowonda.

Chofunika kuyamba nacho ndi deki ya VHS imene ikugwirabe ntchito. Okonza mawailesi a ku Limbe ndi ku Nchalo angakhale nayo ina pansi pa tebulo, pakati pa zitsulo zodikira kuphwasulidwa, ndipo ndi iwonso amene amadziwa kupukuta mutu wake ndi kusintha malamba akatha mphamvu. Dipatimenti igule ziwiri, imodzi yogwiritsa ntchito, inayo yochotsako zipangizo.